Chitupa cha a Kalembo

Petronella Mushonga anaba chitupa cha bambo ake Lachitatu m'mawa, nkhalambayo ikusamba kuseri. Tinene kuti anaba, chifukwa kupisa dzanja m'thumba la jekete la munthu, mwini wake ali ndi sopo m'maso, dzina lake ndi lomwelo, kaya wopisayo ndi mphunzitsi wa madigiri kaya ndi kamberembere wa pamsika wa Mbare Musika. Iye mumtima mwake ankati wangobwereka ndipo abweza madzulo. Zobwereka anazizolowera mayiyu. Ngakhale dzina la Mushonga limene ankayenda nalo linali lobwereka.

Ankaphunzitsa za mbiri ndi malamulo a dziko pa kakoleji kena ku Glen View, nyumba ya zipinda zisanu imene mwini wake, Mayi Iris, anaipaka utoto wabuluu n'kuitcha sukulu. Kuseri kwa mpanda kunali amisiri a mipando ndi mabedi, moti utuchi unkagwera pa madesiki ngati gaga, ndipo mphunzitsi ankachita kulimbana ndi macheka kuti mawu ake afike kumbuyo. Chaka chathacho ana a Fomu 4 anagwa chagada pa funso limodzi: kodi munthu ayenera kukhala wotani kuti aloledwe kupikisana nawo pa upulezidenti? Wina analemba kuti akhale ndi famu. Wina anati akhale ndi galimoto zoposa khumi, zakuda zokhazokha. Mayi Iris atawerenga zimenezi anamuitanitsa Petronella.

"Chihera, ana awa za m'buku sizikuwalowa," anatero. "Abweretsereni chinthu choti achigwire ndi manja."

Chihera ndi dzina laulemu la akazi a mtundu wa a Mushonga, ndipo pa sukulupo aliyense ankamuitana choncho. Akalimva, mapewa ankakwera okha. Kunyumba kokha ndiko kunali dzina lina. Tsiku lililonse akafika pakhomo ankati, "Odi, Ababa," ndipo m'katimo munkachokera yankho lomwelo: "Lowa, Nambewe."

Bambo ake enieni anali a Albert Kalembo a ku Balaka, amene anatsika sitima mumzinda uno mu 1963 ali ndi bulangete limodzi ndi kapepala ka adiresi ya amalume awo. Anagwira ntchito pa fakitale ya makatoni ku Graniteside mpaka fakitaleyo inatsekedwa. Amati mlendo ndi mame, koma mame awa dzuwa la zaka makumi asanu ndi limodzi linalephera kuwakamutsa. Anangokhala pomwepo ku Mbare, m'kanyumba ka njerwa zofiira, akuyankhula Chishona chimene ana a mumsewu ankachiseka. Lilime lawo linakanitsitsa kugubuduza r ya Chishona. Pofuna kunena kuti "ndiri" ankati "ndili", ndipo kachilembo kamodziko kanali kokwanira kuti munthu wamkulu atchedwe mubwidi, mawu onyoza aja amene amaponyeredwa anthu ochokera ku Malawi ndi ku Zambia.

Petronella anabadwira m'nyumba momwemo mothandizidwa ndi azamba, ndipo mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zinayi. Atafika Giredi 7, kusukulu anati popanda satifiketi ya kubadwa salemba mayeso. A Kalembo anapita ku ofesi ya zikalata kasanu. Ulendo woyamba anauzidwa kuti abwere ndi mayi wa mwana. Atanena kuti mayiyo ali kumanda, anauzidwa kuti abwere ndi chitupa chake. Atachipeza, anauzidwa kuti abwere ndi kalata ya mfumu ya kwawo, ngati kuti Balaka ili kuseri kwa Highfield. Ulendo wachisanu kalaliki sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti mwana wa mlendo ndi mlendo, sekuru, musatitayitse nthawi. Sekuru ndi agogo m'Chishona, dzina loitanira bambo aliyense wachikulire.

Ndiye mnzawo wa pa makina, a Mushonga, anawamvera chisoni. Anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, n'kumugwira mwanayo padzanja kupita naye ku ofesi ina. Dzuwa lisanafike pamutu mwana anatuluka ali Petronella Mushonga, nzika yopanda banga. Dzina la Kalembo, limene likumveka ngati la munthu wolembedwa, silinalembedwe pa pepala lililonse la mwana wawo yekhayo. Madzulo ake a Kalembo anamukhazika pansi.

"Nambewe, kunja uko ndiwe wa a Mushonga. Ukandiona pagulu usandithamangire. Bambo ako ndine m'nyumba muno mokha. Wamva?"

Mwanayo analira mpaka maso kutupa. Kenako anamva, ndipo anamvetsetsa kuposa mmene bambo ake ankafunira. Mwambi wa a Mushonga uja uli ndi mchira wake, woti ukachenjera manja udya naye, ndipo anadyadi: tsiku la malowolo a Petronella iwo ndi amene anakhala pampando wa bambo, a Kalembo ali pa benchi ya aneba n'kumaomba nawo m'manja. Ukwatiwo unasungunuka mwamuna atapita ku Joni. A Mushonga anamwalira. Petronella anabwerera ku Mbare kwa bambo ake, koma ntchito anaifuna kutali, ku Glen View, kumene palibe amene ankadziwa khomo limene amatulukira.

Tsono nachi chimene chinkamudya. Mu 2013 malamulo aakulu a dziko anasintha. Munalowa ndime yonena kuti munthu amene anabadwira m'dziko muno kwa makolo ochokera m'maiko a m'chigawo chino, ndipo akukhala momwemo, ndi nzika mwa kubadwa. Chimene a Kalembo anachigula popereka mwana wawo chinali chikuperekedwa tsopano kwa aliyense wopirira mzere. Petronella ndimeyi ankaidziwa pamtima, ankailemba pa bolodi chaka ndi chaka, koma bambo ake sanawauze. Ankadziuza kuti masatifiketi ake onse ali m'dzina la Mushonga, kuti akakaulula akhoza kumangidwa chifukwa cha bodza la anthu ena, kuti awauza pa Khirisimasi, kuti awauza akapeza bwino. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Zifukwazo zinali zoona ndithu, koma pansi pake panali china chimene sankafuna kuchiyang'ana: Uchihera unkamukoma. Ankakonda kulowa m'chipinda cha aphunzitsi popanda wina kukhosomola, ndipo nthabwala za mabwidi zikayamba, ankakonda kukhala kumbali ya oseka. A Kalembo ankagona ndi kudzuka akukhulupirira kuti mwana wawo akubisalabe mvula, pamene mvula inakata kalekale.

Lachitatu limenelo analowa m'kalasi ndi mtima wopepuka. Analemba pa bolodi zinthu zinayi zimene malamulo amafuna kwa wopikisana pa upulezidenti: akhale nzika mwa kubadwa kapena kudzera mwa makolo, akhale atakwanitsa zaka makumi anayi, akhale wokhazikika m'dziko muno, ndipo dzina lake lipezeke m'kaundula wa ovota. Kenako anauza anawo kuti lero iwo ndi bwalo loona amene akuyenera ndi amene sakuyenera. Pa desiki anaika zitupa ziwiri, chake chapulasitiki ndi china chachitsulo chakalekale, chopindika m'makona.

Anayamba ndi chake. Woweruza wamkulu anasankhidwa Brighton, mnyamata wa pakamwa potentha amene mayeso ankamuvuta koma nthabwala ayi. Anatenga dasitala ngati nyundo, n'kuwerenga mokweza. Nzika? Inde. Zaka? Makumi anayi ndi zinayi, ngakhale Madamu amaoneka a makumi awiri. Kalasi inaseka. Amakhala kuno? Inde. Amavota? Inde.

"Pamberi naPresident Chihera!" anakuwa Brighton ngati wokweza mtsogoleri pamsonkhano wa chipani, akumenya dasitala pa desiki mpaka fumbi la choko kuti kobo.

Petronella anaseka nawo, akunamizira kuwaletsa ndi dzanja. Kenako anapereka chitupa chachitsulo kuti chizungulire. Sanavutike n'kumata dzina. Anali ataganizira zimenezo m'kombi, minibasi ya m'tauni muno, n'kuona kuti palibe chifukwa: pa chitupacho panalibe chilembo ngakhale chimodzi chomulumikiza ndi mwini wake.

"Kalembo, Albert," anawerenga Brighton. Anachiyandikiza kumaso. "Apa pamene pa Madamu palembedwa kuti nzika, apa alemba kuti ALIEN. Maiwe, munthu wa kumwezi!" Anapinda msana ngati nkhalamba, n'kusintha mawu kutsanzira mlendo wofuna upulezidenti m'Chishona chopotoka. "Achimwene, ini ndili kuda kuita pulezidenti!"

Kalasi inagwa nacho chikhakhali. Petronella akanatha kuwaletsa ndi diso limodzi, pakuti ankamuopa. Sanatero. Anamwetulira pang'ono, kumwetulira kumene anakuphunzira m'chipinda cha aphunzitsi. Mmodzi yekha sanaseke, Febbie Sakala, mtsikana wa kumbuyo kwenikweni, amene agogo ake anachokera ku Chipata.

"Mwachitenga kuti, Madamu?" anafunsa Febbie.

"Ndi cha sekuru wina wa kufupi ndi kwathu."

Macheka a kuseri anali atangosiya kulira pamene pachitseko panamveka mawu.

"Odi."

Ku Glen View sagogoda choncho. Petronella mawuwo anawazindikira asanatembenuke n'komwe. Pakhomo panaima a Kalembo, jekete lawo lakuda lili pathupi, chipewa m'manja, nsapato zitayera ndi utuchi. M'thumba la pachifuwa munkasuzumira khadi la kuchipatala. Apo ndi pamene anakumbukira kuti Lachitatu loyamba la mwezi ndi tsiku lawo lokatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo kumeneko amafuna chitupa. Anakumbukiranso kuti bambo akewo chiyambire 1963 sanatulukepo pageti popanda chitsulo chimenecho, ngakhale pokagula tomato kapena popita kutchalitchi. Lero anali atadutsa tauni yonse m'thumba muli pululu.

"Pamusolo," anatero m'Chishona chawo chija, "ndili kutsvaga Madamu Mushonga."

Ankangopepesa ndi kufunsa za mphunzitsi, koma anawo anamva l yekhayo. Kuseka kunaphulika kuposa poyamba. Brighton anathamanga n'kuimika chitupa pafupi ndi nkhope yawo, akuyerekeza mnyamata wa pachithunzi ndi nkhalamba ya imvi.

"Ndivo! Madamu, ndi omwewa!"

A Kalembo sanayang'ane mnyamatayo. Anayang'ana mwana wawo n'kudikira kuti amve kuti lero iwo ndi ndani. Lilime la Petronella linagwira ntchito imene linazolowera.

"Khalani chete nonse. Awa ndi sekuru aja ndimanena, a kufupi ndi kwathu."

"Inde, Madamu," anavomera a Kalembo, akuwerama pang'ono. Sanakhumudwe. Lamulo limeneli analiika ndi iwo omwe, ndipo ankanyadira kuti mwana wawo amalisunga. "Pepani kukusokonezani. Ndinaganiza kuti mwina chitupa changa chinagwera m'mapepala anu."

Petronella anachitsomphola m'manja mwa Brighton kuti awapatse azipita. Koma tsoka silinunkha. Phokoso lija linali litawakoka Mayi Iris ku ofesi kwawo, ndipo ataona bolodi, chitupa ndi nkhalamba, nkhope yawo inawala.

"Chihera, mwandiposa nzeru! Ndinati chinthu chogwira ndi manja, inu mwabweretsa munthu wamoyo. Sekuru, khalani apa. Ana inu, afunseni okha."

Anawakokera mpando wa mphunzitsi, iwo n'kutsamira pachitseko. A Kalembo anakhala pansonga ya mpandowo, chipewa pamaondo, ngati mmene ankakhalira m'maofesi. Petronella anaima pafupi ndi bolodi, choko chili m'manja.

Brighton anayambira pansi pa mndandanda kuti nkhani ikome. Zaka? Makumi asanu ndi atatu. Ndiye kuti mwapambana kawiri, sekuru, anatero, ndipo a Kalembo anaseka nawo mwaulemu. Mumakhala kuti? Ku Mbare. Chiyambire liti? Anatchula chaka, ndipo wina anaimba mluzu chifukwa ngakhale agogo ake anali asanabwere m'tauni nthawi imeneyo. Ku Malawi munapitako liti komaliza? Mu 1975, kukaika mayi anga. Nanga kuvota?

"Ndinavota mu 1980," anatero a Kalembo, ndipo msana unawongoka. "Tinaima pamzere kuyambira m'bandakucha, ine ndi mkazi wanga, iye ali ndi pakati pa miyezi isanu. Palibe amene anatifunsa kumene tinabadwira tsiku limenelo. Ndinavotanso zisankho zina zotsatira. Kenako chaka china ndinafika, anayendetsa chala m'buku lonse, dzina langa mulibe. Anati ndine wa dziko lina."

"Munabadwira kuti?"

"Ku Balaka."

"Wakanidwa!" anakuwa Brighton, dasitala n'kugwa pa desiki. A Kalembo anagwedeza mutu kuvomereza chigamulo. Anali atakanidwa ndi anthu a mataye, sakanadandaula ndi mwana wa yunifolomu. Petronella anapuma. Zinali zitatha, ndipo akanatha kuwaperekeza kugeti.

Kumbuyo dzanja linakwera. Febbie sanadikire kulozedwa, ndipo sanayankhule Chishona. Anayankhula Chinyanja cha kwa agogo ake, chinenero chimene chinali chisanamvekepo m'chipinda chimenecho.

"Agogo, pakati paja pa 1980, mwana anabadwa?"

A Kalembo anatembenuka ngati munthu amene wamva dzina lake pamsika wa eni.

"Anabadwa, mwanawe."

"Kuno?"

"Ku Mbare."

Febbie anabwerera ku Chishona kuti onse amve. "Ndiye Madamu, sekuru akanidwa, koma mwana wawo akhoza kuima. Anabadwira kuno, ali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi. Ndi nzika mwa kubadwa. Munatiphunzitsa Lolemba." Anatsegula kope lake n'kuwerenga ndime ija liwu ndi liwu, mmene Petronella anawalembetsera.

"Ayi, mwanawe," anatero a Kalembo mofatsa, ngati wowongolera mwana amene wasokoneza samu. "Mwana wa mlendo ndi mlendo. Ndinauzidwa ku ofesi."

"Zimenezo n'zakale, agogo. Amayi anga anabadwira ku Mufakose, chitupa chawo chinali ngati chanuchi. Anakasintha, ndipo pano amavota. Dzina la Sakala silinachoke."

Kuseri wina ankakhoma misomali pa bedi la munthu. A Kalembo anatembenukira ku bolodi pang'onopang'ono.

"Madamu, n'zoona zimene akunena mwanayu?"

Mayi Iris anali pachitseko, ana makumi atatu anali ndi makope otsegula, ndipo m'makopemo munali mawu ake omwe. Panalibe pothawira.

"N'zoona, sekuru."

"Ndi dzina la bambo wake lomwe? Osafuna la wina?"

"Ndi dzina lomwelo."

Maso a nkhalambayo anawala, ndipo kuwalako ndi kumene kunamupweteka Petronella kuposa china chilichonse, chifukwa kunali chimwemwe. Ankaganiza kuti amva nkhani yabwino limodzi ndi mwana wawo.

"Labwera liti lamulo limeneli? Chaka chino?"

Anali atamutsegulira kakhomo, ndipo Petronella akanalowapo ndithu, pakuti bodza limodzi pamwamba pa mtolo silikanamulemera. Koma Brighton, amene chiyambire Januwale anali asanakhozepo funso, lero yankho anali nalo.

"2013!" anakuwa monyadira. "Madamu amati tikaiwala chaka chimenecho atidula makutu."

"Wakhoza," anatero Mayi Iris.

A Kalembo anaika chipewa pansi n'kuyamba kuwerenga ndi zala, milomo ikuyenda popanda mawu. Anapinda zala za kumanzere zonse, n'kupinda za kumanja zonse. Zala zinatha zaka zisanathe. Chaka cha khumi ndi chimodzi anachiwerenga pogwira bondo lawo, ndipo dzanjalo linakhala pomwepo. Anali atakumbukira Makhirisimasi onse aja, ndi madzulo onse amene ankamupempherera mwana wawo mokweza kuti a boma asamutulukire, iye atagwada pambali pawo n'kumati ameni. Petronella anaona zonsezo zikudutsa pankhope pawo, ndipo manyazi amene anamugwira anali oti nthaka ikanang'ambika akanalowa ndi nsapato zomwe.

"Nanga mwanayo ali kuti, sekuru?" anafunsa Brighton. "Mutiuze tikamuvotere!"

A Kalembo anayang'ana mwana wawo, ndipo ulendo uno sankadikira kuti auzidwe kuti iwo ndi ndani. Ankadikira kuti iye anene kuti ndi ndani. Lamulo lawo lija linali litafa pamaso pa aliyense, ndipo chotsala chinali liwu limodzi lokha. Liwulo linakwera mpaka pakhosi pa Petronella. Ankalimva, Ababa, lili pomwepo kuseri kwa mano. Anayang'ana Brighton amene ankapindabe msana mwachipongwe, anayang'ana Mayi Iris amene anali atamutcha Chihera zaka zisanu ndi ziwiri, anaganiza za chipinda cha aphunzitsi pa nthawi ya tiyi. Choko chinathyoka m'manja mwake. Anawerama kutola zidutswa, ndipo anachedwa pansipo kuposa mmene zidutswa ziwiri zimafunira.

Ataweramuka anapeza bambo ake atasiya kumuyang'ana.

"Ndinam'bwereketsa kwa mnzanga," anauza Brighton. "Chobwereketsa chikakhalitsa chimaiwala kwawo."

Ana ena anaseka poganiza kuti ndi nthabwala ya nkhalamba. Febbie sanaseke. Maso ake anachoka pa chipumi cha nkhalambayo kupita pa chipumi cha mphunzitsi wake, kenako anatseka kope lake mwakachetechete.

A Kalembo anaimirira, n'kutambasula manja awiri. Petronella anaikamo chitupa. Anatulutsa mpango, n'kupukuta zidindo za zala za ana makumi atatu, mbali iyi ndi mbali inayo, osafulumira, n'kuchibweza m'thumba lake la masiku onse.

"Zikomo, aphunzitsi," anatero. "Mumaphunzitsa bwino. Ngakhale ine wosapita kusukulu ndamva."

Mayi Iris anayambitsa kuomba m'manja, ndipo kalasi yonse inawaperekeza ndi m'manja mpaka anatuluka pageti. Kamayeso kamene Petronella anapereka kumapeto kwa phunzirolo ana onse anakhoza, mpaka Brighton. Mayi Iris anati m'zaka zonse za sukuluyo sanaonepo phunziro lolowa chonchi, ndipo anafunsa ngati sekuru aja angabwerenso chaka chamawa.

Belu la masana litangolira, Petronella anathamangira kombi. Njira yonse ankakonza mawu. Awauza za masatifiketi, za ndende, za ntchito imene imagula mankhwala awo omwewo. Awakumbutsa kuti amene anayamba zonsezi ndi iwo, kuti iye anali mwana wa zaka khumi ndi zitatu ndipo analira. Zonsezo zinali zoona, ndipo pofika pa Mbare Musika zinali zitasanduka madeya m'kamwa mwake. Anagula nthochi zimene bambo ake ankazikonda, zazing'onozing'ono zija, n'kuyenda mofulumira pakati pa ngolo ndi ogulitsa, akulumbira mumtima kuti mawa lomwe apita ku ofesi, zimuvute zimukomere.

Chitseko chinali chotsegula. A Kalembo anali pampando wawo, jekete likadali pathupi, khadi la kuchipatala lili pa tebulo lopanda chidindo cha lero. Petronella anagwada pakhomo, chinthu chimene anasiya kuchita kalekale, nthochi zili m'manja.

"Odi, Ababa."

Nkhalambayo inagwira m'mphepete mwa tebulo n'kudzikoka mpaka kuimirira, monga amachitira munthu kukabwera mlendo wolemekezeka. Anavula chipewa. Anaomba m'manja katatu mwa Chishona.

"Pindai, Chihera," anatero, kumulowetsa m'chinenero cha eni dziko.

R ija inatuluka yogubuduzika bwinobwino, yopanda polakwika. Ayenera kuti anaiyeserera njira yonse kuchokera ku Glen View. Petronella anakhalabe chogwada pakhomopo, akudikira dzina lina lija, ndipo bambo ake anakhalabe chiimire, akudikira kuti mlendo alowe.